Foni, DSLR yakale kapena mirrorless, ujambulire chani?

Chithunzi chimene chinandiyambitsa zofuna kamera ndilibe, chifukwa sichinajambulike. Mwana wa achemwali anga anali atangoyamba kumene kuyenda, usiku wina tili pabalaza, getsi limodzi lokha lapadenga, iye nkudzuka dzandidzandi kulunjika kwa mayi ake manja ali mmwamba akuseka. Ndinasolola foni nkudina kangapo konse. Nditadzaziona zithunzizo, mpando ukuoneka bwinobwino, katani yapazenera mpaka ulusi wake kuoneka, koma mwanayo chimbuuzi chokhachokha, nkhope ngati utsi, manja anayi. Zinandiwawa zedi chifukwa tsiku ngati limenelo silibweranso kawiri.

Nde anzanga akamandifunsa kuti ndigule chani, foni yapamwamba kapena kamera, ndipo ngati ndi kamera ndi iti, ine ndimayamba ndawafunsa kaye kuti chithunzi chimene chinakukanikani ndi chiti? Chifukwa zida zonsezi masana dzuwa likuwala, munthu ataima phee, zimajambula bwino zonse, olo foni yotchipa imene. Kusiyana kumaonekera pamene kuwala kwachepa, pamene chinthu chikuyenda, ndi pamene chili patali. Ngati simunakanikepo pa zitatuzi ndiye kuti zimene muli nazo mmanjazo zikukwanirani, ndalama zanuzo sungani.

Kuti timvane bwino ndiyambe ndi sensa, kachipangizo kamkati kamene kamalandira kuwala, kamene kanalowa mmalo mwa filimu. Yaikulu imene amati full frame ndi mamilimita 36 ndi 24, ndendende kukula kwa filimu ya 35mm ija. Yotsatira ndi APS-C, pafupifupi 23.5 ndi 15.6 (ya Canon ndi yochepako pang'ono), kenako Micro Four Thirds 17.3 ndi 13, kenako ija amati ya inchi imodzi yomwe kwenikweni ndi 13.2 ndi 8.8. Mafoni ambiri sensa yake imachepa kuposa pamenepa, ena kwambiri ndithu, kakang'ono kosafika chikhadabo cha chala chakanise. Zili ngati kutchera madzi amvula, wina watchera beseni wina kapu, mvula ikakhala yambiri onse adzaza, koma ikakhala yowaza wakapu uja ayenera kudikira nthawi yaitali. Kudikira kumeneku ndi kumene kunandionongera chithunzi cha mwana uja, foni inatsegula maso ake nthawi yaitali kuti itole kuwala kokwanira, ndiye pa nthawi imeneyo mwana anali atasuntha kale. Mwana woyenda amafuna shata (kachitseko kotsegula ndi kutseka maso a kamera) yothamanga, 1/250 ya sekondi kapena kuposa, pamene foni mumdima imatha kutsika mpaka 1/15.

Koma foni musaiderere ai, ndipo ine zithunzi zambiri pachaka ndimajambulabe ndi foni. Zimene opanga mafoni anachita nzanzeru kwambiri, ataona kuti sensa sangaikuze popanda kunenepetsa foni, anayamba kugwiritsa ntchito kompyuta yamkatimo. Mukadina kamodzi foni sijambula chithunzi chimodzi, imajambula zingapo motsatizana mwachangu, zina zowala zina zakuda, nkuziphatikiza kukhala chimodzi. Nchifukwa chake mukajambula munthu ataima pazenera kunja kukuwala, foni imatha kuonetsa nkhope yake komanso mitambo yakunja, pamene kamera yaikulu mukangodina osaganiza imakupatsani nkhope yakuda bii kapena kunja koyera mbee. Google inabweretsa Night Sight pa mafoni a Pixel mu 2018, Apple nkubwera ndi Night mode pa iPhone 11 mu 2019, ndipo kuyambira pamenepo kujambula msewu usiku kapena nyumba yowala magetsi ndi foni kunakhala kotheka ndithu. Koma onani mawu akewo, msewu, nyumba, zinthu zosayenda. Foni imakuuzani kuti gwirani osagwedeza kwa masekondi awiri atatu, nanga mwana kapena galu kapena munthu wovina mungamuuze zimenezo?

China chimene foni imakanika ndi kukoka chinthu chakutali. Mukatambasula zala pasikirini, nthawi zambiri sikuti lenzi yayenda, foni yangodula chithunzi nkuchikuza, ndiye mbalame ili mumtengo ija imasanduka ngati yopenta ndi utoto wamadzi. Mafoni odula ali ndi kalenzi kapadera kokokera katatu kapena kasanu, kamathandiza masana, koma kumbuyo kwa kalenzi kameneko kumakhala sensa yochepanso kuposa yaikulu ija nde kukangoda basi zatha.

Ndiye pali ija amati portrait mode, yofufutitsa kumbuyo kwa munthu, imene Apple anaitchukitsa ndi iPhone 7 Plus mu 2016. Kufufuta kumeneku sikochokera ku lenzi, foni imangoyerekeza kuti munthu wathera apa, kumbuyo kwayambira apa, nkupaka chimbuuzi. Patali zimaoneka bwino koma takuzani chithunzicho muone tsitsi, mphepete mwa magalasi ammaso, kampata kapakati pa mkono ndi thupi. Ndinajambulapo agogo anga aakazi atakhala panja, imvi zawo zili nyankhalala mmbali mwa mutu dzuwa likuziwalitsa, chinthu chimene chinandikopa kuti ndijambule chinali imvi zomwezo, foni nkuzidula zonse ngati yawameta ndi sizasi. Komanso mafoni ambiri amakonda kusalaza khungu ndi kuliwalitsa osakufunsani, makwinya amene munthu wawapeza pa zaka 80 nkuwafafaniza, zimenezi ine sizindisangalatsa olo pang'ono.

Za ma megapixel ndinene mwachidule chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwira. Nokia 808 PureView inali kale ndi 41 mu 2012, Samsung anafika 108 pa Galaxy S20 Ultra mu 2020 ndi 200 pa S23 Ultra mu 2023, koma mafoni a Samsung amenewa mukangojambula mwachizolowezi amaphatikiza timadontho tambiri kukhala kamodzi nkukupatsani chithunzi cha pafupifupi 12. Sikirini ya 4K ndi ma megapixel 8.3 okha, ndipo kutsukitsa chithunzi chachikulu ngati pepala la A4 mooneka bwino kumafuna osafika 9. Mukatumiza pa WhatsApp kapena Facebook amachifinyanso. Nde kamera ya 24 kapena olo 16 ndi yokwana nkutsalako, nambala imeneyi isakusankhireni chogula.

Amene mumajambula malo, maulendo, anzanu ataima akumwetulira, timavidiyo tachidule toika pa intaneti pompopompo, khalani pa foni, ndipo ngati pali ndalama gulani foni ya kamera yabwinoko osati kamera yapadera. Pa vidiyo makamaka, foni yabwino imagwira chithunzi osagwedera kuposa makamera ambiri akale, ndipo mukamaliza palibe zosamutsa mafayilo. Kamera imene mwaisiya kunyumba chifukwa ikulemera siingakujambulireni kanthu.

Tsopano DSLR, imene ine ndinayambira ndipo ndimaikondabe. Mkati mwake muli kagalasi kopendekeka kamene kamatenga kuwala kochokera ku lenzi nkukutumiza mmwamba kukafika pa kabowo kosuzumirapo, nde mukaika diso mukuona dziko lenileni kudzera mu lenzi, osati sikirini. Mukadina kagalasiko kamadumpha mmwamba, shata nkutseguka, ndi phokoso lija la khwaa limene aliyense amalidziwa. Poti posuzumira sipafuna magetsi, batire limakhalitsa modabwitsa, Nikon D3500 ya 2018 anailemba kuti imajambula zithunzi 1,550 pa kutchaja kamodzi. Mutha kupita ulendo wa masiku angapo chaja nkuisiya.

Chokoma chenicheni cha DSLR lero nchakuti anthu akuzithawa. Canon ndi Nikon onse anatulutsa ma mirrorless awo a full frame mu 2018, EOS R uku, Z6 ndi Z7 uko, ndipo kuyambira pamenepo mphamvu zawo zambiri zili kumeneko, nde akatswiri ambiri akugulitsa ma DSLR ndi malenzi awo kuti asamuke. Zotsatira zake makamera amene kale anali a akatswiri, ngati Nikon D750 ya 2014 kapena Canon 5D Mark II ya 2008 imene inatchuka ndi vidiyo ya 1080p mpaka opanga mafilimu kumaigwiritsa ntchito, pano akupezeka a sekondi handi motchipa kwambiri poyerekeza ndi kale. Kamera siiwala kujambula chifukwa kwatuluka ina yatsopano. Ndipo malenzi ake ndi ochuluka zedi, polumikizira lenzi pa Canon EF panayamba mu 1987, pa Nikon F mu 1959, tangoganizani malenzi onse apangidwa zaka zonsezi.

Koma apa mvetserani chifukwa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Munthu amagula DSLR ndi lenzi imene imabwera nayo mkatoni, 18-55mm f/3.5-5.6, nkujambula mnyumba usiku nkupeza kuti zithunzi zake sizikuposa za foni, pena kuchepera kumene, nde kamera ija nkuiponya mukabati. Vuto si kamera, ndi lenziyo. Nambala ya mm ikuuzani mmene lenzi ikukokera, ikakula ndiye yakoka kwambiri, pamene nambala ya f ija ikuuzani kukula kwa bowo lolowera kuwala, ikachepa nambala bowo lakula. Lenzi ya mkatoni mukaikokera ku 55mm imakhala pa f/5.6, pamene lenzi yosakoka ya 50mm f/1.8 kapena 35mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10. Ka 10, abale. Ndiko kusiyana kwa mwana wa chimbuuzi ndi mwana wooneka maso. Ndipo kufufutika kwa kumbuyo kumene foni imachita kunamizira, apa kumabwera kokha kuchokera ku galasi, tsitsi lililonse lili mmalo mwake, chimbuuzi chikuyamba pang'onopang'ono mmene zinthu zikutalikira. Malenzi a f/1.8 amenewa ali mgulu la otchipa kwambiri mwa onse, nde ine ndimati bola kugula kamera yakale kwambiri nkutsala ndi ya lenzi imeneyi kusiyana ndi kuthera zonse pa kamera yatsopano nkumajambulira ya mkatoni.

Kusankha pakati pa 35 ndi 50 kumadalira sensa. Pa APS-C lenzi imaoneka ngati yakokera kamodzi ndi theka, nde 50mm imakhala ngati 75mm kapena 80mm, yabwino kwambiri pa nkhope ya munthu mmodzi koma mchipinda mupezeka mwagunda khoma ndi msana mukufuna kuti anthu atatu akwane. Ya 35mm ndi imene imaona pafupifupi mmene diso limaonera, ndipo ndi imene imakhala pa kamera yanga masiku ambiri. Kwa amene mwasankha Nikon za D3000 ndi D5000 ndi abale ake, dziwani kuti zilibe kamota kofokasira mkati mwa kamera, nde malenzi akale olembedwa AF kapena AF-D muzichita kupotokola ndi dzanja, funani olembedwa AF-S.

Zovuta za DSLR zilipo ndipo sindibisa. Imalemera, ndi yaikulu, mukaitulutsa pagulu anthu amauma thupi nkuyamba kudzikonza, zimene foni sichititsa. Timadontho tofokasira pa zotchipazi ndi tochepa ndipo tinaunjikana pakati, D3500 ili nato 11, Canon 2000D 9, nde mumachita kuphunzira kuloza diso la munthu ndi kadontho kapakati, kudina theka, kenako nkusuntha kamera kuti chithunzi chikhale mmene mukufunira. Zimazolowereka koma poyamba muphonya zambiri. Mukafuna kujambula poyang'ana pasikirini ngati foni, zambiri zakale zimafokasa mochedwa kwambiri, ndipo pa vidiyo ndiye zimangosakasaka. Ngati cholinga chanu chachikulu ndi vidiyo, DSLR yakale isiyeni.

Pogula ya sekondi handi musachite manyazi kuifufuza. Shata imatha ngati mmene matayala amathera, zotchipa zambiri amaziyesa kuti zifika cha mma 100,000, zapamwamba kuposa apo, ndipo nambala ya zithunzi zimene kamera yajambula imatha kuonedwa, pa makamera ambiri imabisala mu fayilo ya chithunzi chomwecho, pa ena mumafuna pulogalamu yapakompyuta. Jambulani khoma loyera kapena thambo pa f/22 muone madontho, fumbi lapasensa limapukutika koma kukalika ai. Lenzi ichotseni, muunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo mukuyang'ana kutsogolo. Ine ndinagulapo lenzi kwa munthu wina osaunika, kunja ili yonyezimira ngati yatsopano, patapita masabata ndikuona kuti zithunzi zonse zojambula moyang'ana kuwala zikutuwa ngati kuli nkhungu. Nditaunika mkati ndinapeza tiulusi toyera tatambalala pagalasi ngati ukonde wa kangaude, chuku chimenecho, chimamera lenzi ikasungidwa ponyowa ndi pamdima, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wapagalasi osachokanso. Kuyambira pamenepo zida zanga ndimasunga mkabokosi kotseka bwino ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera mu nsapato zatsopano.

Mirrorless ndi kamera yomweyo atachotsamo kagalasi kaja. Kuwala kumagwera pa sensa nthawi zonse, ndipo posuzumira pali kasikirini kakang'ono. Yoyamba inali Panasonic Lumix G1 mu 2008, Sony nkubwera ndi A7 ya full frame mu 2013, ndipo A7 III ya 2018 ndi imene inakopa anthu ambiri a DSLR kuti asamuke. Kwa munthu wophunzira ubwino wake waukulu ndi wakuti chimene mukuona posuzumira ndi chimene chituluke, mukapotokola shata chithunzi chimada kapena kuwala pamaso panu musanadine, nde zinthu zimene pa DSLR mumaphunzira polakwitsa miyezi, apa mumazimva sabata imodzi. Chachiwiri ndi fokasi. Zatsopanozi zimapeza diso la munthu zokha nkulitsatira kulikonse pa chithunzi olo akuthamanga, zina mpaka diso la galu kapena mbalame. Nditagwira koyamba ya mnzanga nkuona kabokosi kakang'ono katakakamira pa diso la mwana akuzungulira bwalo lonse, ndinavomereza kuti apa DSLR yanga yagonja, palibe kutsutsa.

Zimathanso kujambula mwakachetechete popanda phokoso lililonse, chinthu chofunika pamene mwana wagona kapena pa mwambo woti anthu ali zii, ngakhale shata yachete ija ili ndi khalidwe lake, pansi pa magetsi ena a LED imatulutsa mizeremizere pa chithunzi ndipo chinthu chothamanga kwambiri chimapindika. Zambiri zilinso ndi sensa yoyandama imene imaletsa kugwedera kwa manja. Koma chenjerani, zimenezi zimaletsa kugwedera kwa manja anu okha, mwana woyenda uja sizimuimitsa ai, pamenepo mufunabe lenzi ya bowo lalikulu.

Pa batire mirrorless imaluza. Sony a6000 ya 2014, imene anthu oyamba ambiri anaigula, anailemba zithunzi pafupifupi 360, yerekezani ndi 1,550 ija. Zatsopano zasinthako koma batire lachiwiri ndi lofunika basi. Ndipo zoti mirrorless ndi yaing'ono nzoona theka, kamera yokha inde, koma lenzi ya full frame ya f/2.8 yokoka imalemera chimodzimodzi kulikonse, galasi ndi galasi. Amene mukufuna zopepukadi yang'anani APS-C ya Fujifilm kapena Sony, kapena Micro Four Thirds ya Panasonic ndi Olympus (makamera a Olympus pano akupangidwa ndi OM Digital Solutions kuyambira 2021). Micro Four Thirds imachepa mphamvu mumdima koma kwa wokonda mbalame ndi nyama ndi yabwino kwabasi chifukwa lenzi ya 300mm imaona ngati 600mm ndipo mutha kuinyamula tsiku lonse phewa osathyoka.

Chimodzi chofunika kusamala pa mirrorless za sekondi handi, ena mwa mabanja ake anafa. Nikon 1 anasiya, Samsung NX anasiya, Canon EOS M ya malenzi a EF-M nayonso anaisiya nkupita ku RF, polumikizira lenzi pa mirrorless zawo zatsopano. Makamerawo amajambulabe bwino ndipo amatchipa chifukwa chomwecho, koma malenzi atsopano sakubweranso, ndipo a EF-M salowa pa RF. Ngati mukudziwa kuti muzakhala ndi lenzi imodzi kapena ziwiri basi palibe vuto, koma ngati mukuona kuti zikukulowani mmagazi, yambirani pa banja lamoyo. Mbali yabwino njakuti malenzi a DSLR a EF ndi F amalowa pa mirrorless za Canon ndi Nikon ndi kolumikizira kapadera, a EF pafupifupi onse amagwira bwinobwino, a Nikon ofokasa okha ndi a AF-S ndi AF-P, nde munthu woyambira pa DSLR yakale nkugula malenzi abwino sanataye ndalama, azasamuka nawo.

Za full frame ndinene maganizo anga poyera, oyamba ambiri saifuna. Inde imaposa APS-C mumdima, kukula kwa sensa ndi kopitirira kawiri, koma chilichonse chake nchodula ndi cholemera, ndipo kudumpha kwakukulu ndi kochoka pa foni kupita pa APS-C, kochoka pa APS-C kupita full frame nkochepa poyerekeza. APS-C ya lenzi ya f/1.8 imaposa full frame ya lenzi ya mkatoni mchipinda chamdima.

Pali gulu lina la timakamera tamthumba ta lenzi yosachoka. Sony RX100 yoyamba ya 2012 ili ndi sensa ya inchi imodzi ndi lenzi yokoka, Ricoh GR III ya 2019 ili ndi APS-C yonse mu kathupi kolowa mthumba la buluku, lenzi yake imaona ngati 28mm ndipo sikoka, Fujifilm X100V ya 2020 ndi X100VI ya 2024 zimaona ngati 35mm ndipo zinatchuka pa intaneti mpaka kumasowa mmasitolo. Ndi tabwino zedi kwa munthu amene akudziwa kale mmene amaonera zinthu ndipo akufuna kamera yoyenda nayo tsiku lililonse, anthu sakuopa ukatitulutsa. Koma ngati kamera yoyamba sindingakulimbikitseni, ndalama zake nzambiri ndipo tsiku limene muzafune kujambula mpira kapena mbalame mulibe pothawira. Za inchi imodzi zija mafoni akuzipeza kale, Xiaomi 12S Ultra inabwera ndi sensa ya kukula komweko mu 2022, chimene makamerawo atsala nacho ndi lenzi yokokadi. Timakamera takale tating'ono ta zaka za mma 2000 timene achinyamata akutisakanso pano, sensa yake ndi yaing'ono ngati ya foni, chimene anthu akukonda ndi fulashi yake yeniyeni ndi mitundu yake yosakonzedwa, ngati muli nako mu dilowa katulutseni musangalale nako koma musakagule modula.

Filimu nayo yabwereranso, Pentax K1000 ndi Canon AE-1 zonse za 1976 zikugwirabe ntchito mmanja mwa anthu, ndipo mu 2024 kunatuluka Pentax 17 yatsopano imene imagawa felemu pakati nde filimu ya 36 imakupatsani zithunzi 72. Imaphunzitsa kudekha, umaganiza kawiri usanadine. Koma kudina kulikonse ndi ndalama, kugula filimu, kutsukitsa, kusikana, ndipo cholakwa chako umachiona patapita masiku utaiwala kale kuti unapotokola chani. Ikhale yachiwiri, osati yophunzirira.

Chinthu chimene sanandiuze ndisanagule kamera ndi ntchito imene imabwera pambuyo pa kudina. Foni imakukonzerani chithunzi yokha, kamera imakupatsani chosaphika, makamaka mukajambula RAW, chimaoneka chotuwa mpaka mutachikonza nokha pa kompyuta kapena pafoni ndi pulogalamu ngati Lightroom, Snapseed kapena darktable yomwe ndi yaulere. Fayilo imodzi ya RAW ya kamera ya 24 imatha kupitirira ma megabyte 20, nde malo amatha msanga, ndipo memori khadi si posungira zinthu, muzikopera pawiri. Anthu ena ntchito imeneyi amaikonda, ine ndimatha kukhala usiku wonse ndikuwalitsa mthunzi wa pankhope imodzi, koma ena imawatopetsa ndipo zithunzi zawo zimafera mu khadi osaonedwa ndi munthu. Dzifunseni moona kuti ndinu uti. Ngati ndinu wachiwiriyu koma mukufunabe kamera, jambulani JPEG, chithunzi chokonzedwa kale ndi kamera, basi palibe tchimo, ndipo yang'anani Fujifilm imene mitundu yake ya JPEG anthu ambiri amaikonda osakonzanso.

Nde mnzanga wa ndalama zochepa amene akufuna kuphunzira ndi kujambula ana ndi abale mnyumba ndimamuuza DSLR ya APS-C ya sekondi handi ndi 35mm f/1.8, asawonjezere kanthu kwa chaka chathunthu. Amene thumba likumulola, kapena akufuna vidiyo ndi zithunzi pamodzi, kapena zinthu zothamanga, mirrorless ya APS-C ya banja lamoyo, ndi batire lachiwiri, ndi lenzi yomweyo ya f/1.8. Wofuna kulipidwa pojambula maukwati ndi zochitika afune kamera ya makhadi awiri ngati D750 kapena A7 III, chifukwa khadi limatha kufa ndipo ukwati sabwereza, aphunzirenso fulashi yowombetsa kudenga, imene imasintha chithunzi cha mnyumba kuposa kamera iliyonse yatsopano.

Ine ndinatsata njira yoyamba ija. Mwana wa achemwali uja atakwanitsa zaka ziwiri ndinali pabalaza pomwe paja, getsi lomwe lija, kamera yakale ya munthu wina ili mmanja, 35mm pa f/1.8, shata 1/250, ISO 3200 (ISO mumaikweza kuti chithunzi chiwale mumdima, koma ikakwera pamaoneka timchenga). Anali akuthamangitsa chibaluni, ndinajambula zithunzi zoposa 40 ndipo zambiri fokasi inagwira mpando kapena khutu. Zitatu zinagwira diso. Pa chimodzi mwa izo wadumpha, mapazi onse awiri ali mmalere, kukamwa yasa timano tinayi tikuoneka, mmithunzi muli timchenga ta ISO tambiri ndithu ndipo sindinatichotse. Ndinakatsukitsa chachikulu, achemwali anachipachika pakhoma pamwamba pa mpando womwe uja.